Manambala a Kamphepo

Lachitatu masana, Mlembi anaima pakati pa khola la ana a nkhosa atagwira tepi yoyezera, makutu akumutentha. Kuseri kwa waya kunadzaza anyamata ochokera ku bwalo la mpira, ndipo onse ankaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Weramani bwino, adokotala!" anakuwa Wayilesi, mnyamata wa m'kalasi mwake amene pakamwa pake sipankazima. "Musatipwetekere alamu athuwo!"

Mtsikanayu anali ndi zaka khumi ndi zisanu. Dzina loti Mlembi analipeza atasankhidwa kusunga buku la kalabu ya zaulimi pasukulupo, chifukwa zolemba zake zinkaoneka ngati zotayipa. Ntchitoyo ankaikonda, mpaka tsiku limene Madamu, aphunzitsi awo a zaulimi, anabwera ndi nkhani ya tiana tiwiri tamphongo ta nkhosa.

Tianato tinabadwa sabata imodzi, koma palibe akanakhulupirira. Wina anali wa mtundu wachizungu, thupi loyera, mutu wakuda bii, msana ngati tebulo. Ophunzira anamutcha Nduna, poti ntchito yake inali kudya ndi kugona basi. Winayo anali wachikuda, wofiirira, wa mchira wonenepa ndi timiyendo ngati timitengo. Ameneyu anali Kamphepo, chifukwa ukati umugwire, unkangotsala ndi fumbi m'manja.

"Nkhosa yamphongo nayonso imatha msinkhu ngati munthu," anatero Madamu m'kalasi. "Koma mitundu imasiyana. Ina imafulumira, ina imachedwa. Pa awiriwa sindikuuzani woyamba ndani. Lachitatu lililonse muziyeza kukula kwa thumba la machende awo. Inde, ndati machende. Sekani mumalize."

Kalasi inaseka mpaka ena kugwetsa zolembera. Phokoso litazilala, Madamu anapitiriza.

"Nambala ikayamba kudumpha, ndiye kuti mbewu zayamba kupangika m'thupi mwake. Tsiku lomwelo timuchotse pakati pa misoti. Misoti ija ikadali yaing'ono, sikuyenera kutenga bere chaka chino."

Sabata yotsatira Madamu anachoka. Anapita kukachonga mayeso kwa mwezi ndi theka, ndipo tepi ndi buku zinatsala m'manja mwa Mlembi. Wayilesi ndi amene anapatsidwa ntchito yogwira nkhosa poyeza, koma taonani, anali kunja kwa waya, akutsogolera kuseka.

Tsiku limenelo Mlembi anayeza onse awiri. Nduna sanavute, anangopitiriza kutafuna ngati palibe chikuchitika. Koma Kamphepo anamuthamangitsa kuzungulira khola kanayi, nkumugwetsera m'ndowe. Pofika mawa lake, sukulu yonse inkamutchula dzina lina, loti iyeyo sakanatha kulibwereza pamaso pa mayi ake. Wina analilemba ndi choko pa desiki pake. Masiku amenewo nkuti thupi lake nalonso litayamba kusintha, moti ankayenda atakumbatira mabuku pachifuwa ngakhale kutenthe bwanji. Diso lililonse la mnyamata linkamulasa ngati munga.

Lachitatu lotsatira anapeza nzeru. Anathira madeya kuseri kwa chomwera madzi, kumene a ku mpira sakanamuona. Nduna anabwera yekha, ndipo anamuyeza mwachangu. Kamphepo anaima patali, makutu ali njo. Kuti amugwire, anayenera kuthamanganso poyera.

Mlembi anayang'ana nkhosa ziwirizo. Wamkulu uyu, nambala yake inali itangosuntha pang'ono. Nanga kanthu kouma aka kakanamuposa bwanji? Anatenga nambala ya Nduna, nkuchotsapo ziwiri, nkulemba pansi pa dzina la Kamphepo. Analemba mosamala, mwaukhondo.

Anachita chimodzimodzi sabata yachitatu, yachinayi ndi yachisanu. Sabata iliyonse dzanja linkapepuka kuposa yapitayo.

Woyang'anira ziweto pasukulupo anali bambo wina wamtali, wosalankhulalankhula, amene aliyense ankamutcha a Chipewa. Anagwira ntchitoyo zaka khumi ndi zinayi. Nkhosa ankazidziwa ndi kulira kwake komwe, koma sukulu anailekeza kalasi yoyamba, ndipo chilichonse cholembedwa ankachipatsa ulemu waukulu. Masiku amenewo ankamanga khola lachitatu la timphongoto, pang'onopang'ono monga mmene matabwa ankabwerera. Sakanatiika pamodzi ndi chimphongo chachikulu cha pasukulupo, chifukwa chikanatithyola nthiti.

Tsiku lina anamuimitsa Mlembi pachipata.

"Mwanangu, tandiwerengere bukulo. Kamphepo akuti bwanji?"

"Akadali pansi, bambo."

"Pansi?" A Chipewa anakanda chibwano. "Komatu ine sakundisangalatsa. Wayamba kafungo. Akumanunkhiza misoti, kenako nkupinda mlomo wam'mwamba chonchi." Anapinda mlomo wawo, mano onse poyera, maso kumwamba. Tsiku lina Mlembi akanaseka. "Dzulo ndamuona akulondola Mkanda mpaka kumpanda. Ndimati mwina ndizimumangirira pamtengo paja mpaka khola lithe."

Mkanda anali msoti wachikuda wa mzere woyera pakhosi, wofatsa kuposa nkhosa zonse. Ankadya m'manja mwa Mlembi.

Apa ndi pamene Mlembi akananena. Koma kunena kukanatanthauza kuti masabata anayi onse aja analemba zabodza. Anatsegula buku, nkuloza ndi chala.

"Onani, bambo. Nduna ali apa. Kamphepo ali pansi pake. Nambala sinadumphe."

A Chipewa anayang'anitsitsa manambalawo ngati akuwamva.

"Basi ndi masewera a ana," anatero. "Maso angawa akukalamba. Kumangirira mwana wosalakwa padzuwa nkulakwanso. Buku ndi limene likudziwa."

Khola lachitatu linatha patapita masabata atatu, ndipo timphongo tija tinasamutsidwa. Madamu atabwerako anayang'ana buku nkugwedeza mutu. "Zachilendo. Ndinkayembekeza kuti wachikudayu afulumira. Chabwino, nkhosa iliyonse ndi yakeyake. Wagwira ntchito yabwino, Mlembi." Kenako sukulu inatsekera, ndipo Mlembi anadziuza kuti nkhani yatha.

Atatsegulira, anapeza Mkanda atasintha. Miyendo inali yomwe ija, yowonda, koma mimba inali itatambasukira m'mbali. Mlembi anaima pawaya nthawi yaitali. Mwina ndi njoka za m'mimba. Mwina wadya msipu wambiri. Anapemphera kuti zikhale njoka.

Dokotala wa ziweto anabwera Lachisanu, nkupapasa mimbayo. "Ili ndi bere," anatero. "Kwatsala mwezi ndi theka. Mwana kubereka mwana mnzake. Mwachita bwanji abale?"

Lolemba a hedi anaitanitsa Madamu, a Chipewa ndi Mlembi ku ofesi, pamodzi ndi buku. Mu ofesimo munali fani yolira ngati ikudandaula, ndi kabati yodzaza zikho za mpira. A hedi anatsegula buku nkuyendetsa chala m'mizere.

"Madamu, malinga ndi izi, tiana tamphongoti tikanatha kupereka bere nthawi imeneyo?"

"Malinga ndi manambalawa, ayi."

"Ndiye kwatsala chimphongo chachikulu chija. Ndipo makiyi a khola lake amasunga ndi munthu mmodzi." A hedi anatembenuka. "Bambo, munasiya chipata chosatseka."

A Chipewa anali atavula chipewa chawo, akuchipotokola m'manja. Aka kanali koyamba Mlembi kuona mutu wawo, wa imvi zokhazokha.

"Bwana, ine chipata sindinasiyepo."

"Ndiye msotiwu watenga bere la mphepo?"

Liwu loti mphepolo linamulasa Mlembi. Anayang'ana nsapato zake.

"Mlembi, manambala awa unayeza wekha?" anafunsa a hedi, osakweza n'komwe mutu.

"Inde, sala."

Mawuwo anatuluka okha, aang'ono, ndipo palibe anawakayikira.

A Chipewa sanachotsedwe ntchito. Anangowalanda makiyi, nkuwapatsa chikwakwa kuti azitchetcha bwalo la mpira ndi kuseri kwa zimbudzi. Nkhosa anapatsidwa mlonda wa masana, munthu amene ankaziopa ngati agalu.

Kuchokera pawindo la kalasi yake, Mlembi ankawaona tsiku lililonse. Chikwakwa chinkakwera ndi kutsika, malaya atamatirira kumsana ndi thukuta. Nkhosa zikalira, ankaima, nkutembenukira kukhola, kenako nkuweramanso. Choipitsitsa chinali chakuti akakumana naye ankamupatsa moni ngati kale.

"Mwanangu, Mkanda akudya? Uzimupatsako madeya payekha, anzake amamulanda."

"Chabwino, bambo."

Kunyumba chakudya chinasiya kutsika. Mayi ake, amene ankasoka zovala pakhonde, anaimitsa makina tsiku lina nkumuyang'ana.

"Iwe, siketi iyi ndakubwezera mwezi watha, lero ikukhwepanso. Ukudwala?"

"Ayi, amayi."

"Ndi masiku ako?"

"Ayi."

"Pali mnyamata wakuvuta? Undiuze, ndikamusoke pakamwa."

Mlembi anayesa kuseka, koma m'malo mwake misozi inalengeza. Anathawira m'nyumba, nati mutu ukumupweteka. Kawiri konse analemba kalata yopita kwa Madamu. Kawiri konse anaing'amba asanafike pachipata cha sukulu.

Tsiku loti Mkanda abereke linafika Lachinayi, nthawi yopuma. Mlonda uja anabwera akuthamanga ku chipinda cha aphunzitsi, ndipo posakhalitsa theka la sukulu linali pawaya wa khola. Mkanda anali atagona cham'mbali pa udzu wouma, khosi litatambasuka, akubuula ngati munthu. Kumbuyo kwake kunkaoneka kamphuno kakang'ono ndi mwendo umodzi wokha. Mlonda anati wakhala chonchi kuyambira m'mawa, iye ankayesa kuti ndi mmene zimakhalira.

Madamu anagwada pambali pake, foni ili kukhutu. "Dokotala ali kutali, akuti afika madzulo. Sangapirire mpaka madzulo uyu."

Mlembi sanadikire kutumidwa. Anathamanga kudutsa bwalo la mpira, nsapato imodzi nkuvuka, osaitola.

"Bambo! A Chipewa! Mkanda akufa!"

Iwo anaponya chikwakwa pansi. Pofika kukhola anali akupinda kale manja a malaya. Anaitanitsa madzi ofunda ndi sopo, nkuthamangitsa ana onse pawaya ndi liwu limene palibe anali atalimvapo. Anapapasa pang'ono, nkupukusa mutu.

"Mwendo winawu wapindikira m'mbuyo. Njira ndi yaing'ono, dzanja langa silingalowe." Anayang'ana manja a Madamu, kenako a Mlembi. "Iwe. Samba mpaka m'chigongono."

Mlembi anagwada m'ndowe. Sanaganize za siketi, kapena za amene akumuona. A Chipewa anagwira mutu wa Mkanda pamwendo pawo, akumuuza zochita ndi mawu otsika.

"Dikira aleke kukankha. Tsopano bwezera kamutuko m'kati pang'ono. Tsata khosi mpaka paphewa. Wapeza bondo? Likokere kuno. Phimba chiboda ndi chikhatho chako kuti chisamucheke mayi wake. Pang'onopang'ono, mwanangu."

M'katimo munali motentha ndi mothina, moti zala zake zinachita dzanzi. Mkanda akakankha, ankamva ngati mafupa a dzanja aphwanyika. Kenako mwendo unawongoka. Anakoka monga anamuuzira, motsitsa, ndipo kamwanako kanatuluka konse nthawi imodzi, nkugwera pa udzu.

Sikanapume. A Chipewa anakapukuta kumphuno, anakatikita ndi udzu, anakanyamula miyendo yakumbuyo nkukagwedeza. Anayesa nthawi yaitali. Pomaliza anakagoneka pansi mofatsa.

Kanali kofiirira, ka timiyendo ngati timitengo. Chimphongo chachikulu chija chinali choyera, cha mutu wakuda.

Madamu anakayang'ana, nkukwinya nkhope. Asanatsegule pakamwa, Mlembi analankhula. Anali akadagwada, manja ali magazi okhaokha.

"Ndi wa Kamphepo, Madamu. Sindinkamuyeza. Ndinamuyeza kamodzi kokha, tsiku loyamba. Manambala enawo ndinkangopeka. Ndinkatenga ya Nduna nkuchotsapo ziwiri." Anapitiriza. "A Chipewa anaona zizindikiro zonse. Ankafuna kumumangirira. Ine ndi amene ndinawaletsa, ndinawaonetsa buku. Ndipo ku ofesi kuja ndinanama."

Mkanda ankapuma mwaphuma.

"Chifukwa chiyani?" anafunsa Madamu.

"Ankandiseka."

Atalitchula, liwulo linaoneka laling'ono kwambiri pafupi ndi kanthu kamene kanagona pa udzu paja. Wayilesi, amene anabisala kuseri kwa thanki ya madzi ena atathamangitsidwa, anazyolika nkuchokapo mwakachetechete.

Madamu anapuma mozama. "Inenso ndili ndi mbali yanga. Ndinaona kuti manambala aja ndi achilendo, koma ndinakhulupirira chifukwa analembedwa bwino. Bambo, ndinayenera kukufunsani inu poyamba. Pepani."

Mlembi anatembenukira kwa a Chipewa. "Bambo, ndikhululukireni."

Iwo sanamuyang'ane. Ankasisita khosi la Mkanda.

"Masabata asanu ndi limodzi," anatero pomaliza. "Usiku ndi usana ndimadzifunsa kuti kodi chipata chija ndinachisiyadi? Ndinafika povomera kuti mwina mutu wanga wayamba kutha. Mkazi wanga ndinamuuza kuti ndakalamba." Anasiya kusisita. "Ukanandinamizira kwa a hedi kokha, bwenzi zili bwino. Koma unandichititsa kuti ndidzikayikire ndekha."

Anaimirira, nkunyamula kamwanako m'thumba la madeya, nkupita nako kuseri kwa khola. Sanamuitane kuti awathandize kukumba.

Madzulo omwewo Mlembi anabwereza zonse pamaso pa a hedi, ndipo mawa lake anabwera ndi mayi ake. Mayiwo anamvetsera nkhani yonse, manja ali pamiyendo. Potuluka sanamukalipire. Anangofunsa kumene kuli a Chipewa, nkupita kukawapepesa okha, atagwada pa udzu. Kuona mayi ake atagwada chifukwa cha iye kunamuwawa Mlembi kuposa chilango chilichonse.

Buku linapatsidwa kwa mtsikana wina. A Chipewa anabwezeredwa makiyi, ndipo a hedi anawapepesa pamzere, pamaso pa sukulu yonse. Dokotala anati Mkanda achira, koma mwina sadzakulanso kufika pa msinkhu wa anzake.

Chilango cha Mlembi chinali kusesa khola kwa mwezi wathunthu. Koma panali ntchito ina imene palibe anamutuma. Bere la Mkanda la mkaka linatupa, popeza panalibe woyamwa, ndipo ankafunika kumukama pang'ono m'mawa uliwonse kuti lisamupweteke. Mlembi ankafika belu loyamba lisanalire. Ankapeza Mkanda ataima pakona pamene anaberekera, akununkhiza udzu, akulira motsitsa. Ankamukama yekha movutikira, msotiwo ukuponda chitini ndi kutaya mkaka.

A Chipewa ankakhala pomwepo, akuthira madzi ndi kusintha udzu. Moni ankayankha, koma mawu oti "mwanangu" sanamvekenso. Mlembi sanawadandaule. Ankangobwera.

M'mawa wa tsiku lachisanu ndi chinayi kunagwa mvula yowaza. Mkanda anaponda chitini kachitatu, ndipo Mlembi anangokhala pansi m'matope, manja ali lende, osadziwa kuti ayambirenso bwanji. Anamva mapazi kumbuyo kwake. A Chipewa anaika ndowa yawo pansi, nkugwada, nkukumbatira khosi la Mkanda. Msoti uja unadekha nthawi yomweyo.

"Ukumukoka, ndiye chifukwa chake akukana," anatero, maso ali kwa nkhosa. "Usakoke. Finya kuchokera m'mwamba, chala chimodzichimodzi."

Mlembi anatola chitini, nkuchipukuta ndi siketi. Anafinya monga anamuuzira, ndipo mkaka unalira pansi pa chitinicho.

"Eya, choncho," anatero a Chipewa. "Mawa ubwere ndi juzi. Kwayamba kuzizira."